Zikhomo Zofiira pa Bangula

Lolemba akundifuna ku Lilongwe.
Ogula chitowe akuti pa foni sitimvana,
ndibwere ndekha, tionane maso, ndisayine.
Ndiye ndakhala pa khonde la sitolo ya a Fatchi,
thukuta likuyenderera m'khosi,
ndikuwerengera ulendo kuseri kwa lisiti ya mbewu.

Mzere woyamba, galimoto.
Nsingano amagogoda tambala asanaganize n'komwe zolira.
Pa Ngabu ng'ombe zimakhala zikadagona pa phula,
pa Nchalo fungo la nzimbe zowotcha limalowera pa windo,
kenaka Thabwa, kenaka chitunda chija
chomwe injini imakwera ikutsokomola ngati nkhalamba ya fodya,
ine ndikuponda buleki amene kumbali yanga kulibe.
Mafuta akapezeka tifika dzuwa litapendeka,
akasowa tigona pamzere, zigubu zili mbwee.
Ndimatsika msana utauma ngati mlamba wowamba,
mapepala ali m'chikwama momwe ndinawaikira,
poti ndani angawerenge timalemba ting'onoting'ono
galimoto ikuzemba maenje?

Mzere wachiwiri, ndege.
Amati kuphethira kamodzi wafika.
Eya, ukachokera ku Chileka.
Koma Chileka sali kuseri kwa khola langa,
chitunda chomwe chija ndikwerabe,
ndikadikirenso nditavula lamba ndi wotchi.
Tikiti yake ndaiwerengera m'matumba
a chitowe chimene amayi a kwa Tengani anapuntha ndi manja,
ndafufuta, ndachita manyazi.
Ndinakwerapo kamodzi.
Ndinafunafuna Shire pa kawindo, ndinangoona mitambo,
bisiketi ndisanameze
akuti mangani malamba, tikutera.

Mzere wachitatu ndalemba sitima,
cholembera n'kuima.

Iyi idakali pa mapepala a anthu a zipewa zoyera
amene anadutsa ndi tepi yawo mvula itangotha,
nakhoma zikhomo zofiira
m'mbali mwa njanji yakale, m'mene mwamera minga.
Njanjiyo ndimaidziwa.
Bambo anga ankagulitsa matikiti pa siteshoni pano
madzi asanaidule.
Kachitsulo kawo kobowolera kadakali m'kabati,
ana amaswera mtedza.

Akuti ikadzabwera mudzakhala tebulo.
Tebulo, amwali!
Ndingayale kontilakiti yonse pa Makhanga,
pofika Sankhulani n'tapeza pamene andibera,
pa Sandama n'kugula nthochi pa windo,
n'kuimirira, kuwongola miyendo, kukasamba m'maso
popanda kupempha munthu kuti taimani kaye patchirepo.
Chitunda n'kumachikwera pang'onopang'ono, mozungulira,
ngati munthu wodziwa kuti phiri salimbana nalo.
Kuchedwa ingachedwe, ndikudziwa.
Ya bambo inkafika mawa lake,
anthu ataphika kale pa pulatifomu.
Komabe kuchedwa uli ndi tebulo
si kuchedwa uli ndi chigubu m'manja.

A Fatchi asuzumira pa phewa langa.
Akuti, wachitatuwo mwausiya wopanda nambala, mayi Alufazema.
Ndati mtengo wake sanautchule.
Akuti, nanga tsiku?
Aseka, alozera kutsidya kwa msewu
kumene wina wamangirira mbuzi pa chikhomo chofiira,
yadya udzu wonse mozungulira,
yatsala ikunyambita penti.

Ndapinda lisiti.
Ndamuimbira Nsingano, adzaze thanki, afunefune wa m'chigubu,
asaiwale tayala lapadera lija laphwa kawiri.

Mawa mbandakucha tidzafika pamene msewu umadumpha njanji.
Zitsulo zinamira kale m'matope a chigumula,
palibe chadutsapo chibadwire mwana wanga wachisamba,
amene lero ali ndi ndevu.
Koma Nsingano adzachepetsa liwiro monga mwa masiku onse,
adzayang'ana kumanja, adzayang'ana kumanzere,
ndipo ine, chikwama pa miyendo,
ndidzatsitsa windo pang'ono
kuti ndimvetsere.